Chitofu cha nkhuni chakale n'chotchipa, koma ndalama zisungireni chumuni

Abale anga okhala kunja kuno, kuzizira kukayamba bilu ya gasi ndi magetsi imatipweteka tonse, nde ambiri mwayamba kuyang'ana zitofu za nkhuni zogwirapo kale ntchito pa Facebook Marketplace ndi Gumtree. Gulani ndithu, palibe cholakwika, koma mudziwiretu kuti chumuni ndi kuikitsa kwake nthawi zambiri zimadya ndalama kuposa chitofucho, ndipo moyo wa ana anu wagona pamenepo. Ngati muli pa lendi musayambe n'komwe popanda landilodi kuvomera polemba.

Pokaona chitofu tengani tochi. Muyatseni mkati, mutseke chitseko nkuona ngati kuwala kukutulukira m'makona, chifukwa chitsulo chikang'aluka utsi udzatulukiranso pompo, chotero chisiyeni ngakhale atakupatsani ulele. Chingwe chotseka mpata pachitseko chothetheka, galasi losweka, njerwa za mkati zogumuka, zimenezo musaope, zimagulidwa nkusintha. Panani pepala pachitseko nkulikoka, likasolola mosavuta nde kuti chingwe chatha. Muonenso kachitsulo kakumbuyo kolembedwa dzina la kampani, modelo ndi ma kW ake (mphamvu ya kutentha kwake), popanda kameneko woika chitofu wodziwa ntchito akhoza kukana kuchigwira, ndipo ine ndingamumvetse.

Tsono chumuni. Ngati nyumba ili nacho kale chanjerwa musangolumikiza paipi basi, itanani wosesa chumuni achotse mwaye ndi zisa za mbalame komanso ayese ngati sichikudontha utsi, zakale zambiri zimafuna kulowetsamo paipi yachitsulo kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ngati chumuni palibe, podutsa khoma, siling'i kapena denga pamafunika paipi ya makoma awiri ija amati twin wall. Paipi wamba imatentha koopsa moti imayatsa thabwa osalikhudza n'komwe, ku England lamulo limati italikirane ndi chilichonse chogwira moto katatu kukula kwa pakamwa pake, ya 150mm nde kuti 450mm. Apapa mpamene anthu amafuna kupulumutsa ndalama pogulanso mapaipi akale osadziwika kochokera, chonde ayi. Paipi isachepe kuposa potulukira utsi pa chitofu, makona akhale ochepa, ndipo kutalika kufike mamita 4.5 kuti izikoka bwino, chumuni chachifupi chimabweza utsi m'nyumba. Pansi pa chitofu pakhale mwala, matailosi kapena konkire yotulukira kutsogolo kuti khala likagwa lisapeze kapeti.

Za mapepala musazione ngati zachibwana. Ku England ndi Wales akuikireni chitofu munthu wolembetsedwa ku HETAS, bungwe lovomereza oika zitofu, kapena mudziwitse a building control ku khonsolo adzayendere, nkukupatsani setifiketi. Madera ambiri a London ndi mizinda ina ndi oletsa utsi, kumeneko nkhuni zimaloledwa m'chitofu chovomerezedwa ndi DEFRA chokha, unduna wa boma woona za chilengedwe, nde fufuzani modelo musanalipire. Ku Canada a inshuwalansi amakonda kufunsa lipoti la WETT, la katswiri woyendera zitofu za nkhuni ndi chumuni. Kulikonse komwe muli auzeni a inshuwalansi, nyumba ikapsa iwo osadziwa za chitofu akhoza kukana kulipira.

Alamu ya carbon monoxide ikhalepo moto woyamba usanayake. Mpweya umenewu sununkha, suoneka, munthu amangomva mutu ndi tulo kenaka osadzukanso. Ndipo mabowo olowetsa mpweya musamawatseke ndi nsanza poti kukuzizira, moto umafuna mpweya womwewo.

Nkhuni zikhale zouma, chinyezi chosaposa 20 peresenti, kamita koyezera kamapezeka mosavuta. Zaziwisi zimasiya phula m'chumuni lomwe tsiku lina limayaka. Matabwa opaka penti kapena othira mankhwala ayi, ngakhale mutawatola aulele kuntchito. Chumuni chiseseredwe kamodzi pachaka osachepera, ndipo bukani wosesa kusanazizire chifukwa nthawi yachisanu amakhala atadzaza.