Mabwinja a Aroma ku Kent, Ulendo Wosafuna Viza

Ambiri mwa ife amene tili ku Britain pa pasipoti ya Malawi, tikamva za mabwinja a Aroma maganizo amathamangira ku Italy. Kenako timakumbukira viza ya Schengen, ndalama zake zokwana 90 euro, inshuwalansi ndi kudikira tsiku lokaonekera, mphamvu n'kutha. Komatu Aroma anafikanso kuno, ndipo malo amene anakocheza, m'chigawo cha Kent kum'mwera chakum'mawa kwa England, mungapiteko m'mawa kuchokera ku London n'kubwerako madzulo.

Kwerani sitima yothamanga ya Southeastern pa St Pancras ku London. Kukafika pa siteshoni ya Dover Priory ndi ola limodzi ndi mphindi zochepa. Gulani tikiti ya off-peak (ya nthawi imene sitima sizidzaza), ndipo ngati muli atatu kapena kuposa, funsani za GroupSave, mtengo umatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Mkati mwa Dover Castle, pafupi ndi tchalitchi cha St Mary in Castro, muli nsanja ya Aroma imene ankayatsapo moto wotsogolera zombo usiku. Chitunda chake n'chotopetsa, valani nsapato zoyendera. Chenjeraninso ndi foni: France ali pa mtunda wa makilomita 33 okha, moti mukakwera kumaphompho oyera a m'mbali mwa nyanja ku Dover foni imatha kugwira netiweki ya ku France n'kukudyerani ndalama. Zimitsani roaming musanakwere.

Kwa ine malo ofunika kwenikweni ndi Richborough, pafupi ndi tawuni ya Sandwich, imene mungafikeko pa sitima kuchokera ku Dover. Apa ndi pomwe akatswiri ambiri amati asilikali a Claudius, mfumu ya Aroma, anatsikira m'chaka cha 43 AD. Chodabwitsa n'chakuti nyanja simuiona. Nthawi imeneyo panali khwalala la madzi lotchedwa Wantsum, koma linadzaza matope mpaka kusanduka minda, ndiye doko lija lero lili pamtunda. Makoma amiyala a linga akadalipo, aatali ndithu, ndipo kutsidya kwa minda kuli malo a bwalo la masewera. Kuchoka pa siteshoni ya Sandwich ndi makilomita atatu kapena kupitirirapo pang'ono, ndiye ngati muli ndi ana, itanani takisi.

Sandwich weniweniyo ndi tawuni yakale ya m'gulu la madoko otchedwa Cinque Ports, yokwanira kuizungulira wapansi masana amodzi. Deal ali pa njanji yomweyo ngati mukufuna nsomba ndi tchipisi m'mbali mwa nyanja.

Dover Castle ndi Richborough onse amayang'aniridwa ndi bungwe losamalira malo akale la English Heritage. Onani masiku otsegulira pa intaneti musananyamuke, chifukwa m'nyengo yozizira satsegula tsiku lililonse. Jekete musaisiye ngakhale mu July, mphepo ya kunyanja imabaya.