Kukonzekera Gamma Knife ngati muli ndi chotupa mu ubongo: zomwe ndinadutsamo

Tsiku limene adokotala anandiuza kuti chotupa changa, cha mtundu wa meningioma (chomera pa kachikopa kokuta ubongo), chikufunika Gamma Knife, makina ochiza ndi cheza, ndinangomva zoti pali mpeni, ndipo tulo tinandithawa sabata yathunthu. Mpeni palibe, mutu sang'amba. Makinawa anawayambitsa dokotala wa ku Sweden, Lars Leksell, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo amakono amatulutsa cheza kuchokera malo 192. Cheza cha malo amodzi n'chofooka, koma chonse chimakakumana pachotupa n'kuchiwononga pomwepo. N'chifukwa chake njirayi amaigwiritsa ntchito kwambiri pa zotupa zazing'ono, kawirikawiri zosapitirira masentimita 3. Ine ndinakachitira ku India, ndipo ndondomeko yake ndi iyi.

Choyamba, mapepala. Tengani zithunzi za MRI (makina ojambula m'kati mwa thupi) pa CD kapena pa fulashi, osati mafilimu akuda aja okha, chifukwa madokotala akunja amafuna kuziona pakompyuta asanakuvomereni. Lemberani chipatala nokha pa imelo, mupemphe mtengo wolembedwa. Samalani ndi madobadoba amene amati "tikukonzerani zonse". Wina anandiuza kuti ndipereke madola kaye asanatchule n'komwe dzina la dokotala, ndipo nditafunsa kuchipatala komweko mtengo unali wotsikirapo. Kusowa kwa ndalama zakunja kwathu kuno mukukudziwa, choncho yambani msanga kubanki ndi kalata ya adokotala. Aja ogulitsa zitsamba pa Facebook, amene amakuopsezani kuti "akakuwotcha ubongo", asiyeni.

Chachiwiri, lembani papepala mankhwala onse amene mukumwa, makamaka aspirin, warfarin ndi a shuga. Nenaninso ngati muli ndi chitsulo chilichonse m'thupi kapena ngati muli oyembekezera.

Chachitatu, tsitsi. Amayi anzanga, masulani meshi ndi mawigi, chotsani tizitsulo tonse, sambani m'mutu usiku wake osadzola mafuta. Ine sanandimete.

Tsopano felemu, pamene ine ndinalakwitsa. Kuti mutu usasunthe ngakhale pang'ono, amakuvekani felemu yachitsulo yopepuka imene amaimanga ndi timisomali tinayi, tiwiri pamphumi, tiwiri kunkhongo. Asanamange amabaya jakisoni wochititsa dzanzi pamalo anayiwo. Jakisoniyo amaluma ngati njuchi, kwa kanthawi kochepa chabe. Akayamba kumanga mumamva kupanikizika kwambiri, ngati wina wakufinyani mutu ndi manja awiri, ndipo zimenezi n'zoyembekezeka, zimazirala pakapita mphindi zingapo. Kupanikizika ndi kubaya n'zosiyana, ndipo palibe anandifotokozera zimenezi m'mawu amene ndikanamva bwino.

Kunkhongo kwanga mbali ya kumanzere dzanzi linali lisanagwire. Ndinamva kamsomali kakulowa, ululu wakuthwa, koma ndinangokukuta mano. Tinaleredwa kuti pamaso pa adokotala suyankhula zambiri, komanso ndinkaganiza kuti umu ndi mmene zimayenera kuwawira. Thukuta linatuluka, maso anachita mdima, ndinatsala pang'ono kukomoka pampando. Namwino ndi amene anaona nkhope yanga n'kuimitsa zonse. Anawonjezera jakisoni, anadikira pang'ono, ndipo kamsomali komweko sindinakamvenso. Ululu wonsewo ndinaupirira pachabe. Choncho mukamva kubaya kwakuthwa, kwezani dzanja, nenani pomwepo. Pemphani kuti ayambe akhudza malowo n'kukufunsani ngati mukumva. Ngati Chingerezi chimakuthawani mukachita mantha, monga chimachitira ine, gwirizanani chizindikiro ndi namwino musanayambe. Funsaninso ngati angakupatseni mankhwala okhazika mtima pansi. Makina ena atsopano amalola chigoba chapulasitiki chakumaso m'malo mwa felemu, koma si chotupa chilichonse chimene chimayenera njira imeneyi, adokotala ndi amene amasankha.

Felemu ikakhazikika amakujambulani MRI, atakubayani mankhwala m'mtsempha kuti chotupa chioneke bwino. Kenako mumadikira, ola limodzi kapena kuposa, iwo akuwerengetsa pakompyuta mlingo wa cheza. Kumwa madzi mutavala felemu n'kovuta, tengani kapaipi komwera.

M'makina a Gamma Knife ndi mmene ndinkaopa kwambiri, koma sindinamve kanthu. Palibe kutentha, palibe ululu, phokoso lake silifika pa la MRI. Mumagona chagada muli maso, iwo amakuonani pakamera ndipo mumatha kuyankhula nawo. Ena amatha mphindi zosakwana 30, ena maola angapo. Pitani kuchimbudzi musanalowe.

Akachotsa felemu mutu umawawa, wanga unawawa zedi madzulo amenewo, koma mankhwala wamba anathandiza. Pamabala anayi aja amamata timapulasitala. Zikope zanga zinatupa masiku angapo, kunkhongo kunakhala dzanzi milungu ingapo, ndipo ndinkatopa msanga. Ena amamva mseru. Tsitsi silithothoka mutu wonse, mwina kachigawo kakang'ono ngati chotupa chili pafupi ndi khungu. Simutenga cheza kupita nacho kunyumba, mwana mutha kumunyamula tsiku lomwelo.

Akakupatsani dexamethasone woletsa kutupa kwa ubongo, dziwani kuti amakweza shuga, amabweretsa njala ndipo amasowetsa tulo. Musamusiye mwadzidzidzi, tsatirani mmene alembera kuti muzichepetsa. Mutu ukawawa mowonjezereka, mukamasanza, mkono kapena mwendo ukafooka, mawu akamavuta kutuluka, kapena mukagwa ngati wakhunyu, thamangirani kuchipatala, ngakhale patapita miyezi, chifukwa kutupa kwina kumabwera mochedwa.

Chotupa sichisowa tsiku lomwelo. Cha mtundu wanga chimatenga miyezi kapena zaka, ndipo chikangoleka kukula madokotala amati zayenda. Musanakwere ndege pemphani lipoti lonse ndi tsiku la MRI yotsatira, n'kukazipereka kwa adokotala anu akuno mukangofika.