Kuweta tinkhuku ta nthenga zawofuwofu m'nyengo ya Mzuzu

Alimi ena a mumzinda wa Mzuzu akhala akufunsa za nkhuku zing'onozing'ono zija za nthenga zawofuwofu ngati thonje, zimene ambiri amazitchula kuti bantam, ndipo funso lawo loyamba limakhala lakuti zimaikira mazira angati. Funsoli limasocheretsa, chifukwa munthu wofuna mazira ogulitsa angachite bwino kuweta nkhuku za Mikolongwe kapena zoikira za haibulidi. Phindu la tinkhuku timeneti lili pa kufungatira ndi kulera anapiye, ndipo phindulo limaoneka pokhapokha mlimi akatha kutisunga pouma, zomwe pano pa Mzuzu si zapafupi.

Dzina lakuti bantam linachokera ku doko la Banten pachilumba cha Java m'dziko la Indonesia, ndipo masiku ano limatanthauza nkhuku iliyonse ya mtundu waung'ono. Mwa mitundu ya nthenga zofewa, wodziwika kwambiri ndi Silkie, umene chiyambi chake ndi ku China. Silkie weniweni mumamuzindikira ndi khungu lakuda, zala zisanu m'malo mwa zinayi, tsumba pamutu, ndi nthenga zotsika mpaka kuzala. Nyama ndi mafupa ake nazonso ndi zakuda, choncho amene akufuna kudzapha ina m'tsogolo asadzadabwe n'kuganiza kuti yadwala. Musaisokoneze ndi kansilanga wathu wa nthenga zopindikira m'mwamba, kapena simboti wa miyendo yaifupi. Izi ndi nkhuku zakuno zozolowera kudzifunira chakudya patchire, pamene Silkie sangapirire moyo woterowo.

Chimene chimachititsa kuti nthenga zake zikhale ngati ubweya n'chakuti zilibe timbedza ting'onoting'ono timene timalumikiza nthenga ya nkhuku wamba kuti ikhale yosalala ndi yotsetsereka madzi. Pa chifukwa chimenechi nkhukuyi siuluka, ndipo mvula ikaigwera madzi amalowa mpaka pakhungu. Tsono taganizirani nyengo yathu. Mzuzu ali pamtunda wopitirira mamita 1,200, mvula yake imachedwa kusiya mpaka mu Epulo ngakhale Meyi, ndipo ikangotha kumabwera chisanu cha Juni ndi Julaye pamodzi ndi mvula yowaza ndi nkhungu ya m'mawa. Nkhuku yonyowa m'nyengo yotere imazizidwa msanga, imasiya kudya, ndipo matenda a chifuwa sachedwa kuipeza. Ine monga mlangizi ndimayamba kuyang'ana denga ndi pansi pa khola ndisanafunse za chakudya kapena mankhwala.

Khola likhale la denga losadontha ndiponso lotulukira kunja mokwanira kuti mvula yamphepo isamalowe m'mbali. Pansi pake pakhale pokwezeka kuposa bwalo, makamaka kwa inu okhala kufupi ndi madambo monga mbali zina za Masasa ndi Chibavi kumene madzi amachedwa kuphwa. Thirani zopalapala za matabwa zouma zokwana masentimita 5 mpaka 10, zimene kuno sizisowa chifukwa malo ochekera ndi kupala matabwa alipo ambiri, ndipo muzichotsa mbali iliyonse imene yanyowa osadikira tsiku losesa khola lonse. Khola lam'mwamba lokwerera pamakwerero, lija timamangira nkhuku zachikuda, siliyenera tinkhukuti. Ngati muika mtengo wogonapo, usapitirire masentimita 30 kuchokera pansi. Mpweya uzilowera m'mwamba kufupi ndi denga, osati pansi pamene nkhuku zimagona. Ina ikavumbwa, ipukuteni ndi nsalu ndipo muisunge pamalo otentherako mpaka iumiretu musanaibwezere kwa zinzake.

Tsumba lija limakongoletsa, komanso limaphimba maso, moti nkhuku siona kabawi akamatsika ndipo ilibe mapiko othawira galu kapena mphaka. Ziziyenda m'bwalo lotchinga ndi waya mbali zonse ndi pamwamba pomwe, ndipo nthenga zikakula kwambiri mozungulira maso zimeteni pang'ono ndi sizasi.

Pankhani ya mazira, misoti ya Silkie imachedwa kukhwima, ndipo kawirikawiri imayamba kutetera ndi kuikira ikakwana miyezi 7 mpaka 9. Pachaka thadzi limodzi limaikira mazira pafupifupi 100 kapena kupitirirapo pang'ono, ang'onoang'ono, otuwira, koma abwinobwino kudya. Chiwerengerochi n'chochepa chifukwa likangoikira mazira angapo limafuna kufungatira. Mathadzi oikira apatseni layers mash, chakudya chogula chopangidwira nkhuku zoikira, kapena ngati mukusakaniza nokha, madeya achimanga awonjezereni soya wokazinga ndi kugaya, usipa wosinja, masamba obiriwira, ndi zigoba za mazira zowamba pamoto n'kupera. Soya wamuwisi amasokoneza kagayidwe ka chakudya m'mimba, ndipo madeya okhaokha amangonenepetsa nkhuku osaipatsa zomangira dzira. Tambala mmodzi amakwanira mathadzi 6 mpaka 8, koma akhale wa msinkhu wawo, popeza tambala wamkulu wachikuda kapena wa Mikolongwe amavulaza timathadzi totere pokwera.

Tsopano tifike pa ntchito imene nkhukuzi zimaposa zinzake. Thadzi lofuna kufungatira limakakamira m'chikwatu usana ndi usiku, limafufumitsa nthenga ndi kulira mukaliyandikira, ndipo nthawi zina limadzisosola pachifuwa kuti khungu lizikhudza mazira. Musafulumire kulipatsa mazira ofunika tsiku loyamba. Liyeseni kaye masiku awiri kapena atatu pa mazira ena aliwonse, ndipo likakhazikika, ndiye muike enieniwo madzulo kutada, pamene nkhuku imakhala yodekha. Mazira ofungatiritsa akhale osapitirira masiku 7 chiikireni, oyera, osasweka, osatsukidwa ndi madzi, ndipo podikira asungeni pamalo ozizira bwino mbali yosongoka itayang'ana pansi. Onse aikidwe tsiku limodzi kuti adzaswenso limodzi, ndipo alembeni ndi pensulo kuti ngati thadzi lina laikiramo lake mudzathe kulizindikira n'kulichotsa.

Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri ndi dyera la mazira. Kathadzi kotere kamakwanitsa mazira ake omwe 8 mpaka 10, koma a nkhuku zazikulu kamatha 5 kapena 6 basi, ndipo m'miyezi yozizira ndi bwino kuchepetsanso. Dzira likamaonekera m'mbali mwa mapiko, ndiye kuti mwachulutsa. Vuto silithera pa dzira limodzilo, chifukwa thadzi limatembenuza ndi kusinthasintha mazira tsiku lililonse, moti lililonse limadzakhalako kunja nthawi yake n'kuzizidwa, mapeto ake ambiri amasukusa.

Chikwatu chikhale pansi, pamalo amdima pang'ono, patali ndi nkhuku zina, choyalamo udzu wouma watsopano. Musanalikhazike, liyang'aneni thadzilo pansi pa mapiko, mozungulira kumbuyo ndi m'tsumba ngati lili ndi nsabwe kapena utitiri, ndipo lithireni mankhwala a ufa amene alangizi a ziweto angakulozereni. Utitiri ndi umene umathamangitsa mathadzi ambiri pa mazira ntchito ili pakati. Madzi ndi chakudya zikhale pafupi koma kunja kwa chikwatu, kuti thadzi lizidzuka kamodzi patsiku kukadya, kuchita chitosi ndi kusamba m'fumbi losakaniza ndi phulusa. Silkie wina amakakamira mazira mpaka kuiwala kudya, ndipo woteroyo mumunyamule nokha m'masana kukatenthera n'kumuika pa chakudya kwa mphindi zosapitirira 20. Pa tsiku la 7 mpaka la 10, unikani dzira lililonse ndi tochi ya foni m'chipinda chamdima. Lamoyo limaonetsa timitsempha tofiira ngati ukonde wa kangaude, pamene loyera mbee mulibe kanthu ndipo lichotsedwe lisanaole n'kuphulika.

Mazira a nkhuku amaswa pa masiku 21, a nkhanga pa masiku 26 mpaka 28, ndipo a bakha wathu wa nkhope yofiira uja amatenga masiku 35. Silkie amafungatira onsewa mosasankha, ndipo apa ndi pamene mlimi wanzeru amapindulira, chifukwa nkhanga ndi nkhuku za haibulidi sizidalirika pofungatira. Komabe musasakanize mitundu m'chikwatu chimodzi, ndipo thadzi likamaliza ulendo umodzi musalipatsenso mazira ena pomwepo, chifukwa limakhala litaonda kwambiri ndipo likufunika milungu ingapo ya chakudya chabwino. Likafuna kufungatira inu mulibe mazira, litsekereni masiku atatu kapena anayi m'kakhola kowala kopanda chisa, muli madzi ndi chakudya. Chizolowezi chija chomiza nkhuku m'madzi kuti isiye kufungatira n'chankhanza kwa nkhuku iliyonse, ndipo kwa Silkie m'chisanu cha Mzuzu chikhoza kuipha.

Anapiye akayamba kugogomola, dziletseni kusenda zigoba kapena kunyamulanyamula mayi wawo. Mwanapiye amatha kutenga tsiku lathunthu kuchokera pamene waboola mpaka kutuluka, ndipo amabadwa ali ndi chakudya cha m'dzira m'mimba mwake chomusunga masiku awiri. Onse akauma, samutsani banja lonselo kukakhala m'chipinda chakechake chouma, ndipo muyambe ndi madzi oyera m'chiwiya chosazama choikamo timiyala, chifukwa tianapiye ta bantam n'tating'ono kwambiri moti timamira ngakhale m'mbale yodyera. Chakudya chawo chikhale chick mash, chakudya chogula cha anapiye, mpaka milungu 6 kapena 8, kenako growers mash, cha nkhuku zomwe zikukula. Musawapatse layers mash, popeza laimu wake ndi wochuluka ndipo amawononga impso zawo. Mayi akhoza kudya cha anawo popanda vuto. Pansi pasakhale utuchi wosalala ngati ufa, umene anapiye amajompha n'kutsekeka nawo m'mimba. Kwa mwezi woyamba asatuluke kukadali mame, ndipo tsiku la mvula yowaza asatuluke n'komwe.

Ngati mayi wafa kapena wawakana, kutentha kuchokere kwa inu. Mlungu woyamba pamafunika madigiri 32 mpaka 35, n'kumachepetsa ndi madigiri atatu mlungu uliwonse. Amene alibe choyezera aziona anapiye omwewo: akaunjikana n'kumalira ndiye kuti azizidwa, akathawira m'mbali kukamwa kuli yasa ndiye kuti kwatenthetsa, koma akabalalika n'kumadya mwakachetechete zonse zili bwino. Wodalira babu yamagetsi akhale ndi mbaula kapena mabotolo a madzi otentha okulunga m'nsalu kuchitira usiku umene magetsi angazime. Mbaula ilowe m'chipinda makala atayaka bwino, itchingidwe ndi waya, ndipo pakhale polowera mpweya, chifukwa mpweya woipa wa makala umapha anapiye ndi anthu omwe mosamveka fungo.

Chitopa sichisankha kukongola kwa nkhuku. Katemera wa chitopa wotchedwa I-2, wa dontho limodzi m'diso, aperekedwe kwa zonse, anapiye omwe, ndipo abwerezedwe miyezi inayi iliyonse. Za katemera wa gumboro ndi nthomba funsani kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu. Chitosi chamagazi pa anapiye a milungu 3 mpaka 6 kawirikawiri chimachokera ku tizilombo timene timachulukana m'zoyala zonyowa, choncho mankhwala okha sathandiza ngati khola silinaume. Miyendo ya nthenga imabisa tizilombo tina totupitsa mamba, ndipo mukaona mamba akutukuka tsukani miyendoyo n'kuipaka mafuta a Vaseline masiku angapo aliwonse mpaka isalale. Nkhuku iliyonse yogula kwina ikhale payokha milungu iwiri isanasakanikirane ndi zanu.

Kwa amene akuweta kuti azigulitsa, dziwani kuti Silkie ndi wovuta kumudziwa ngati ndi tambala kapena msoti akadali wamng'ono. Kawirikawiri zimayamba kuoneka patapita miyezi itatu kapena inayi, pamene tambala amakula lipombo ndi kutulutsa tinthenga titalititali kumbuyo kwa tsumba, ndipo ena amabisala mpaka tsiku limene adzalire koyamba. Wogula akafuna anapiye a milungu yochepa, muuzeni poyera kuti akutenga osasankha, ndipo wofuna mathadzi okhaokha adikire mpaka msinkhu umenewo n'kulipira mtengo wa nkhuku imene mwaidyetsa miyezi inayi.