Momwe mungalembere wilo yoti khoti lisaikane

Anthu ambiri amazemba kulemba wilo poopa kuti akudziitanira imfa. Komatu munthu akamwalira osasiya wilo, chuma chake chimagawidwa motsatira lamulo la dziko, osati zomwe iye ankafuna, ndipo nthawi zambiri amasiye ndiwo amavutika kuyenda ku khoti achibale ena akukanganirana katundu. Ngati muli ndi nyumba, malo, galimoto, ndalama ku banki kapena ana aang'ono, wilo ikukukhudzani.

Yambani ndi kulemba zonse zomwe muli nazo, ngongole zomwe. Ngongolezo musazibise, chifukwa zimayamba zabwezedwa, kenako olandira n'kugawana zotsala. Katundu yemwe munagula limodzi ndi mnzanu wa m'banja si wanu yense, choncho mungagawe gawo lanu lokha.

Kenako tchulani olandira ndi mayina awo onse. Kungolemba kuti "ana anga" kumabala milandu, makamaka ngati pali ana a banja loyamba kapena obadwira kunja kwa banja. Katundunso mumufotokoze bwino, monga nambala ya poloti ndi ya galimoto. Muwonjezere chiganizo chonena amene adzatenge chilichonse chomwe simunachitchule, poti mawa mudzagula zina.

Sankhani munthu wodzayendetsa chuma chamasiyecho, komanso wodzalera ana ngati ali aang'ono. Muwafunse kaye. Munthu wokhulupirika ndi wosamala mapepala amaposa wachibale amene mwangomusankha poopa kumukhumudwitsa.

Mawilo ambiri amagwera pa kusaina. Mayiko ochuluka omwe anatengera malamulo a ku England amatsatira mfundo za lamulo la mawilo la 1837: wilo ilembedwe, mwiniwake asaine pamaso pa mboni ziwiri zomwe zilipo nthawi imodzi, mbonizo nazo zisaine iye akuona. Musatenge pepalalo kukasainitsa mboni imodzi lero, ina mawa. Mboni isakhale munthu amene akulandira kanthu m'wiloyo, ngakhalenso mkazi kapena mwamuna wake, chifukwa akhoza kutaya gawo lakelo. Mbonizo sizifunika kuwerenga zomwe mwalemba, zimangochitira umboni kuti mwasaina ndinu. Ngati mukudwala kapena mwakalamba kwambiri, kalata ya dokotala yotsimikiza kuti mutu wanu ukuyenda bwino imatseka pakamwa odzatsutsa. Apa ndalama yolipira loya si yotaya, poti malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndipo kwina khoti limatha kusintha wilo yomwe yamana mkazi, mwamuna kapena ana.

Ndalama za penshoni ndi inshuwalansi ya moyo nthawi zambiri zimatsata fomu yomwe munalemba ku kampani, osati wilo. Kaioneni fomuyo, mwina mudakali dzina la munthu amene munasiyana naye kalekale.

Pepala lenileni lomwe mwasaina lisungidwe kwa loya, ku banki kapena pamalo ena otetezeka, ndipo wodzayendetsa chumayo adziwe komwe lili. Mukakwatira, banja likatha, mwana akabadwa kapena mukagulitsa katundu wamkulu, iwoneninso wiloyo, poti m'mayiko ena ukwati watsopano umafafaniza wilo yakale. Musakhwatche kapena kuwonjezera mawu ndi cholembera pa yakaleyo. Lembani ina, muike tsiku, munene kuti ikuthetsa zonse zam'mbuyo, ndipo musainenso pamaso pa mboni ziwiri.