Mwana wanu wamwamuna akamutchula "sissy" kapena "simp" pa foni, chitani izi

Ndikulemba chifukwa cha mwana wa achemwali anga kuno ku Nchalo. Ali Fomu 3, mayi ake atadwala iye ndi amene ankatunga madzi ku mjigo, kuphika nsima, kuchapa zovala za azing'ono ake, ndiye anzake ena anamujambula atasenza ndowa pamutu nkuponya pa gulupu ya WhatsApp ya kalasi, pansi pake analemba kuti sissy. Ife akuluakulu tinaona chithunzicho koma tinkangoti ndi "sisi" wathu yemwe uja timaitanira achemwali, mwana anasiya kudya bwinobwino ife nkumati ndi kutentha kwa Okutobala uku, pomwe mwana akupsa mtima yekhayekha. Sindikufuna kholo lina lichedwe ngati mmene tinachedwera ife.

Choyamba dziwani kaye mawuwo, chifukwa kulemera kwake sikufanana.

Sissy anachokeradi ku mawu oti sister, kalekale anali oitanira mlongo basi, koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 anayamba kunyozera nawo mnyamata amene akuoneka ngati wamantha kapena wochita zachikazi. Wimp ndi wuss ndi munthu wofooka, wosalimba mtima. Wimp uyu sasankha, mu 1987 magazini ya Newsweek ku America inamuika George Bush wamkulu uja pachikuto ndi mawu amenewa ali wachiwiri kwa pulezidenti, munthu woti anawulutsa ndege pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse mpaka kugwetsedwa nayo. Ndiye muone kuti mawuwa sayeza kulimba mtima kwa munthu ayi, amangoponyedwa. Mama's boy ndi yemwe akuti sachoka pa chitenje cha mayi ake. Henpecked ndi bambo wojompholedwa ndi nkhuku yathadzi, kwathu kuno timati anadyetsedwa khuzumule, nkhani yake ndi imodzimodzi.

Amene afala pa mafoni pano ndi simp. Uyu amanenera mnyamata amene akuchitira mtsikana zabwino zambiri, kumugulira bandulo, kumuyankha msanga, kumuikira kumbuyo anzake akamamunena. Anatchuka kwambiri pa TikTok cha m'ma 2019 ndi 2020, mpaka Twitch, komwe anthu amaonetsa magemu, inalengeza mu Disembala 2020 kuti kunyoza munthu ndi mawu amenewa nkoletsedwa. Ana ena amatchulana simp moseka, ndi zoona, koma ndaonapo mnyamata akutchedwa simp chifukwa choti anakweza mtsikana wodwala pa kabaza kupita naye kuchipatala osamulipiritsa, ndiye mwana wotereyu mawa adzathandizanso munthu?

Palinso beta ndi alpha, akuti alpha ndi mwamuna wolamulira anzake pomwe beta ndi wogonjera, awa amandiwawa kwambiri chifukwa anyamata athu amawatenga ngati sayansi. Anachokera ku kafukufuku wa mimbulu yotsekeredwa mumpanda, yosadziwana, imene inkamenyana kulimbirana ufumu. Wasayansi David Mech amene anafalitsa maganizowa mu 1970 anadzanena yekha mu 1999 kuti kutchire sizili choncho, gulu la mimbulu ndi banja chabe, tate, mayi ndi ana awo, ndipo onse amathandizana kudyetsa ana. Mwini wake anabweza mawu koma ena pa YouTube akugulitsabe maganizowa.

Soy boy yekha ndiye musadabwe naye, akuti mwamuna wodya soya amafooka chifukwa mu soya muli tinthu tofananako ndi mahomoni achikazi. Kafukufuku amene anachitika pa amuna sanapeze kuti soya amatsitsa testosterone, homoni yachimuna. Kuno anyamata odula nzimbe, opalasa kabaza kuchokera pa Dyeratu mpaka pa boma dzuwa lili pamutu, ndiwo zawo ndi soya pisesi yemweyo, phala la ana athu ndi la soya. Musalole mwana akane chakudya chifukwa cha zimenezi.

Tsopano pali ena olemera kwambiri, amenewa mukawaona musazengereze. Cuck anachokera ku cuckold, mwamuna amene mkazi wake akuyenda ndi wina, ndipo gwero lake ndi mbalame ya cuckoo imene imaikira mazira mu chisa cha inzake, ndiye akamutchula bambo wapabanja choncho atukwana iye ndi mkazi wake pamodzi. Pansy ndi dzina la duwa, fairy ndi kamzimu ka m'nthano, koma akanenera mwamuna akutanthauza kuti amagona ndi amuna anzake, ndipo pali lina loyamba ndi f limene sindilemba pano. Muno m'Malawi malamulo amaletsabe zogonana amuna okhaokha ndipo anthu amamenyedwa chifukwa cha mphekesera chabe, kumumata mwana dzina lotere pagulu nkumuika pangozi yeniyeni, kaya nkhaniyo ndi yoona kaya ndi yabodza.

Mukawaika pamodzi muona chinthu chimodzi, pafupifupi onse akuti mwamunayu wafanana ndi mkazi kapena wagonjera mkazi, ngati kuti kukhala mkazi ndi kutukwana. Ine apa ndi pomwe ndinayambira pocheza ndi mwana uja. Ndinamufunsa kuti iwe, nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 madzi atalowa m'nyumba usiku, amene anabereka mng'ono wako kumbuyo, thumba la ufa pamutu, madzi ali m'chiuno anali ndani? Anati amayi. Ndinati ndiye akakufanizira ndi amayi ako akutukwana pati? Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anadya.

Pofunsa mwana musayambe ndi "bwanji sunawamenye" kapena "mwamuna salira", mawu amenewa ndi sissy yemweyo wa Chichewa ndipo akachokera kwa bambo ake kapena amalume amapweteka kuposa a pa gulupu. Musafunsire pa anthu. Pitani naye kudimba kapena mutumeni kumsika muyende limodzi, anyamata amayankhula bwino manja akugwira china chake osayang'anizana maso. Funsani kuti analemba ndani, kangati, ena anaseka kapena analipo womuikira kumbuyo. Ngati ndi kamodzi pakati pa anzake apamtima mwina ndi macheza, koma akakhala munthu mmodzimodzi tsiku ndi tsiku, kapena pali chithunzi chake, imeneyo ndi nkhanza.

Musanafufute chilichonse tengani sikirinishoti, ionetse dzina kapena nambala ndi tsiku. Ambiri timathamangira kutuluka mu gulupu ndi ukali umboni nkutayika. Kenako muuzeni adimini wa gulupu achotse, ngati ndi ya kusukulu pitani kwa aphunzitsi a kalasi kapena ahedi ndi foniyo m'manja, ife tinatero ndipo makolo a anyamata aja anaitanidwa, mayi wina analira ataona zomwe mwana wake analemba chifukwa nayenso sankadziwa tanthauzo. Zikapitirira dziwani kuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza munthu kudzera pa foni ndi intaneti, mutha kupita ku Victim Support Unit kupolisi, komanso nambala ya 116 ndi yaulere yothandiza ana.

Mwanayo mphunzitseni yankho lalifupi, asamalembe ndime yaitali yodziteteza chifukwa onyoza amadya zomwezo. "Eya ndimaphikira amayi anga" basi, nkusiya foni. Kapena kungofunsa kuti "tanthauzo lake nchiyani, tafotokoza", ambiri mwa anyamatawa anangotola mawuwo pa TikTok, akauzidwa kuti afotokoze pa Chichewa amachita manyazi okha. Asabwezere ndi liwu lina la mtundu womwewo, akatero wavomereza kuti muyeso wawo ndi wolondola.

Ndipo yang'anirani masiku otsatira. Akasiya kudya, kugona masana onse, kukana sukulu, kapena kunena zoti bola kulibe, musati ndi chibwana, malipoti apolisi chaka ndi chaka amaonetsa kuti ambiri odzipha m'dziko muno ndi amuna. Mutengereni kuchipatala kapena kwa munthu wamkulu amene amamukhulupirira tsiku lomwelo.

Ngati wolembayo ndi mwana wanu, mupatseni foni awerenge mokweza zomwe analemba, kenako amasulire mu Chichewa kapena Chisena pamaso pa mayi ake ndi alongo ake. Akapepese pa gulupu pomwe ananyozera, osati ku inibokisi. Inunso abambo mvetserani pakamwa panu pa bawo, mnzanu akanyamuka msanga kuti akathandize mkazi wake wodwala mumamuti chiyani, chifukwa ana amakhala ali pomwepo akumva. Wa achemwali anga uja akutungabe madzi, dzulo ndinakumana naye ku mjigo ali ndi mnzake mmodzi wa mu gulupu lija, aliyense ndi chigubu chake.