Malangizo oletsera mapulogalamu a m'foni amene amadula ndalama mwezi ndi mwezi

Alimi ndi ochita malonda ambiri kuno ku Dedza tsopano ali ndi foni zamakono, ndipo fonizi zikuwathandiza pa zinthu zenizeni, monga kufunsa mtengo wa kachewere ku Lilongwe asanakweze matumba m'galimoto, kulandira ndalama za tomato pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndiponso kulankhula ndi ana awo amene ali ku Joni. Komabe dandaulo limene likumveka kawirikawiri ku Bembeke, ku Lobi, ku Linthipe ndi m'misika ina ndi lakuti mayunitsi akutha munthu asanaimbe, kapena ndalama za ku banki zikuchepa mwini wake asanatape. Nthawi zambiri sikuti wina waba, koma pali pulogalamu kapena ntchito ina ya pa foni imene munthuyo anavomera tsiku lina, mwina osazindikira, ndipo ikupitiriza kudula ndalama mpaka mwini wakeyo atailetsa yekha pamalo oyenera.

Mgwirizano wotere pa foni umalembedwa kuti subscription. Munthu akavomera kamodzi, eni pulogalamu amatenga ndalama pa tsiku limene munagwirizana, kaya ndi sabata iliyonse, mwezi uliwonse kapena chaka chilichonse, ndipo sabweranso kudzafunsa ngati mukufunabe. Ambiri amalowamo kudzera pa mawu akuti Free trial, amene amakulolani kuyesa pulogalamu kwaulere kwa masiku angapo, koma akukupemphani kuti mulembetse khadi yanu ya ku banki poyambirira pomwepo. Masiku aulerewo akatha inu musanaletse, malipiro amayamba okha. Mapulogalamu okonzera zithunzi ndi mavidiyo, omvera nyimbo, ophunzitsa Chingerezi, masewero a ana ndi aja amene amati amayeretsa foni ndiwo amakonda njira imeneyi, ndipo ena mwa iwo amalipiritsa pa sabata, moti mtengo umaoneka wochepa pamene pa mwezi ndi waukulu.

Chimene ndikufuna aliyense achimvetse bwino ndi chakuti kufufuta pulogalamu m'foni sikuthetsa mgwirizano. Munthu amene wabwereka dimba pa lendi ya mwezi ndi mwezi, akangosiya kupitako osamuuza mwini wake, lendiyo imawerengedwabe ngakhale khasu lili pakhomo. Mgwirizano wa pulogalamu umasungidwa mu akaunti yanu ya Google kapena ya Apple, kapena kwa eni pulogalamuyo, osati m'foni imene mwagwira m'manja. Chifukwa cha ichi, ngakhale foni itasweka, itabedwa kapena mutaigulitsa, ndalama zimadulidwabe. Kusiya akaunti ya ku banki yopanda ndalama nakonso si njira yodalirika, popeza malipiro akakanika amayesanso kwa masiku angapo, ndipo zikhoza kuchitika kuti ayesanso tsiku lomwe ndalama za mbewu zalowa.

Ntchito iyambe ndi kufufuza kumene ndalama zikupita. Werengani mauthenga amene banki yanu imatumiza ndalama zikatuluka, kapena pemphani sitetimenti ya miyezi itatu yapitayi, ndipo muone ngati pali ndalama imene ikutuluka pa tsiku lofanana mwezi uliwonse yokhala ndi dzina la Google, Apple kapena la kampani yakunja imene simukuidziwa. Tsegulaninso Gmail ndi kulemba mawu akuti receipt kapena subscription pamalo ofufuzira, chifukwa Google Play imatumiza lisiti pa imelo ikadula ndalama. Anthu ambiri satsegula imelo yawo chaka chathunthu, komatu umboni wonse umakhala mmenemo.

Pa foni za Android, monga Itel, Tecno, Infinix ndi Samsung zimene zili m'manja mwa ambiri kwathu kuno, tsegulani Play Store ndipo mudine kachithunzi kozungulira kamene kali pakona yakumanja chakumwamba. Sankhani Payments & subscriptions, kenako Subscriptions. Pamenepo mudzaona mapulogalamu onse amene akulipiridwa kudzera mu akauntiyo, mtengo wake ndi tsiku limene adzadulenso ndalama. Dinani pulogalamu imene simukuifunayo, musankhe Cancel subscription, ndipo mupitirize mpaka kumapeto, chifukwa foni imafunsa chifukwa chimene mukusiyira kenako imafuna kuti mutsimikize. Ambiri amalekeza pa funso loyambalo n'kumaganiza kuti amaliza. Mukamaliza, bwererani pa tsamba lomwelo ndipo muonetsetse kuti palembedwa kuti mwaletsa komanso tsiku limene ntchitoyo ithere, ndipo mujambule tsambalo ndi foni yomweyo kuti mukhale ndi umboni. Musaope kuti mukaletsa lero mutaya masiku amene munalipira kale, pakuti pulogalamuyo imagwirabe ntchito mpaka nthawi yolipiridwayo itakwana. Choncho palibe phindu lodikira tsiku lomaliza, limene n'losavuta kuliiwala nthawi yokolola.

Pali vuto limene limasowetsa anthu mtendere kwambiri kumidzi kuno, ndipo ndi la akaunti ya Google imene mwini foni sakuidziwa. Munthu akagula foni pa Dedza boma kapena pa Chimbiya, amapatsa mnyamata wa pa shopu kuti amukonzere zonse, ndipo mnyamatayo amatsegula imelo ndi pasiwedi zimene mwini foni sazilemba paliponse. Ena amagula foni yogwiritsidwa kale ntchito imene ikadali ndi akaunti ya mwini wake woyamba, ndipo ena ali ndi maakaunti awiri kapena atatu m'foni imodzi chifukwa mwana kapena mlamu analowetsamo yake. Zikatere, mukhoza kutsegula Subscriptions n'kupeza mulibe kanthu pamene ndalama zikudulidwabe, chifukwa mgwirizanowo uli mu akaunti ina. Dinani kachithunzi kaja, musinthe akaunti, ndipo muone iliyonse payokha. Ngati foni inatayika, akaunti yomweyo mukhoza kuitsegula pa foni ina kapena pa kompyuta kudzera pa play.google.com, koma izi zimatheka pokhapokha mukudziwa imelo ndi pasiwedi. Ndikupempha kuti lero lomwe mulembe zinthu ziwirizi m'kope limene mumasungamo za pakhomo, ndiponso muike nambala yanu ya foni mu akauntiyo kuti mukaiwala pasiwedi muthe kuibwezeretsa. Ngati akauntiyo yakanikiratu kutseguka, njira yotsala ndi kupita ku banki yanu ndi chiphaso chanu cha unzika, kukafotokoza, ndi kupempha kuti khadiyo itsekedwe akupatseni ina.

Amene ali ndi iPhone atsegule Settings, adine dzina lawo pamwamba, asankhe Subscriptions, kenako pulogalamuyo ndi Cancel Subscription. Ngati batani loletsera palibe ndipo pali uthenga wofiira wonena tsiku lothera, ndiye kuti inaletsedwa kale. Kampani ya Apple imalangiza kuti woyesa pulogalamu kwaulere aletse patatsala maola osachepera 24 kuti nthawi yaulereyo ithe.

Si malipiro onse amene amadutsa pa Play Store kapena kwa Apple. Amene analembetsa Netflix kapena Spotify pa tsamba la kampaniyo ndi khadi yawo sadzaziona pa Play Store, ndipo ayenera kulowa mu akaunti yawo ya kampaniyo, pa gawo lolembedwa Account, ndi kuletsera komweko. Lamulo lake ndi lakuti kumene munalembetsera n'kumene mukaletsere, ndipo lisiti ya pa imelo ija ndi imene ingakuuzeni kumeneko.

Chifukwa china chosalekerera malipiro amenewa ndi chakuti mitengo ya mapulogalamu ambiri akunja imawerengedwa m'madola. Mu Meyi 2022 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Munthu amene anavomera pulogalamu zimenezi zisanachitike anapezeka akulipira makwacha ochuluka kwambiri pa chinthu chomwecho, ngakhale eni pulogalamu sanakweze mtengo wawo. Kwa mlimi amene ndalama zake zimabwera kamodzi kapena kawiri pa chaka, malipiro a mwezi ndi mwezi a m'madola ndi katundu amene ayenera kumuganizira mofatsa, makamaka kuyambira Disembala mpaka Febuluwale pamene feteleza, fizi ya ana ndi chakudya zikufuna ndalama nthawi imodzi.

Ambiri mwa inu mulibe khadi ya ku banki, ndipo mwina mukuona ngati nkhaniyi ikukhudza a m'tauni okha. Sichoncho, chifukwa pali ntchito zina zimene zimadula mayunitsi mwachindunji pa simu, ngakhale pa foni ya mabatani. Zitsanzo zake ndi nyimbo imene amamva munthu wokuimbirani, mauthenga a tsiku ndi tsiku a mpira, a nthabwala kapena a zachikondi, masewero a mafunso olonjeza mphoto, ndi mabandulo amene amadzigulanso okha akatha. Zimenezi zimalowa mosavuta, mwina podina nambala imodzi pamene uthenga watulukira pa foni, kapena pamene mwana akuseweretsa foni ya amayi ake. Tiyerekeze kuti ntchito imodzi ikudula K100 pa tsiku. Pa masiku 30 ndi K3,000, ndipo pa chaka ndi K36,500, ndalama imene ikanagulira mwana makope ndi zolembera kapena kuonjezera pa mbewu ya kudimba. Kuti mudziwe ngati zikukuchitikirani, onani mayunitsi anu madzulo, muzimitse intaneti, musaimbe, ndipo muonenso mawa lake. Ngati achepa, fufuzani m'mauthenga akale, chifukwa uthenga umene unabwera polembetsa nthawi zambiri umafotokozanso kaletsedwe kake. Mukaupeza, tsatirani zimene walembazo ndipo musunge uthenga wotsimikiza. Mukausowa, imbani nambala yothandizira makasitomala ya kampani yanu kapena mupite ku ofesi yawo ndi chiphaso, mupemphe kuti akuwerengereni ntchito zonse zimene zili pa nambala yanu, ndipo achotse zimene simukuzifuna inu mukadali pomwepo.

Sindikunena kuti chilichonse chiletsedwe. Pali mapulogalamu amene amabweza ndalama zake, monga amene wochita malonda amalemberamo ngongole ndi katundu, kapena amene mwana wa sekondale akuphunzirirapo. Funso loyenera kudzifunsa ndi lakuti kodi mwezi wathawu mwaigwiritsa ntchito kangati, nanga yaulere yochita zomwezo palibe? Musamale makamaka ndi malipiro a malo osungiramo zinthu. Akaunti ya Google imapereka malo aulere okwana 15 GB, ndipo ya Apple imapereka 5 GB. Zithunzi, maimelo, ndiponso pa Android zosunga za WhatsApp, zonse zimawerengedwa m'malo amenewa. Ngati mukulipira Google One, yomwe ndi malo oonjezera amene Google imagulitsa, ndipo zinthu zanu zapitirira 15 GB, mukaletsa foni idzasiya kusunga zithunzi zatsopano ndipo Gmail ikhoza kuleka kutumiza ndi kulandira makalata. Yambani mwasamutsira zithunzi ndi mavidiyo pa memori khadi kapena pa kompyuta, mufufute zosafunika, kenako muletse.

Ngati ndalama zadulidwa kale inu musakufuna, fulumirani. Pa Google Play pempho lobweza ndalama limakhala ndi mwayi waukulu likaperekedwa pasanathe maola 48, ndipo nthawiyo ikadutsa kawirikawiri amakuuzani kuti mulankhule ndi eni pulogalamu. Pa iPhone pempholo limaperekedwa pa reportaproblem.apple.com. Kubwezeredwa si kotsimikizika, ndipo kupempha ndalama sikulowa m'malo mwa kuletsa, choncho chitani zonse ziwiri. Pa nkhani ya mayunitsi, yambani mwadandaula ku kampani ya foni ndipo mulembe tsiku ndi nambala ya dandaulo imene akupatsani. Mukapanda kuthandizidwa, bungwe la MACRA, limene limayang'anira makampani a zamtokoma m'dziko muno, limalandira madandaulo a ogula, chimodzimodzinso bungwe la Competition and Fair Trading Commission.

Akathyali nawonso amapezerapo mwayi pa nkhani imeneyi. Wina akakuimbirani n'kunena kuti akufuna kukuletserani malipiro kapena kukubwezerani ndalama, koma akupempha nambala yanu yachinsinsi, manambala a pa khadi kapena manambala amene angobwera pa uthenga, dulani foni. Wogwira ntchito ku banki kapena ku kampani ya foni safunika kudziwa nambala yanu yachinsinsi kuti akuthandizeni. Musadinenso maulalo obwera pa uthenga kapena pa WhatsApp olonjeza kuletsa malipiro, koma mutsegule nokha Play Store kapena Settings monga tafotokozera.

M'mabanja ambiri foni ndi imodzi ndipo imadutsa m'manja mwa aliyense, choncho ndi bwino kuitchinjiriza. Mu Play Store, pa gawo lomwe lija la Payments & subscriptions kapena pa Settings, pali potsegulira kuti foni izifuna pasiwedi kapena chala chanu musanagule chilichonse, ndipo mukatsegula pamenepo mwana sangavomere malipiro mwangozi. Mukafuna kuyesa pulogalamu yaulere, ikani alamu pa foni kapena mulembe pa kalendala ya pakhoma tsiku loti muletse, masiku awiri nthawiyo isanathe. Musanagulitse foni kapena kupatsa wachibale, yambani mwaletsa malipiro, kenako muchotse akaunti yanu, ndipo pomaliza mufufute zonse. Atsogoleri a makalabu a alimi ndi a mabanki a m'mudzi angachite bwino kupatula mphindi zochepa pa msonkhano wa mwezi uno kuti aliyense atsegule tsamba la Subscriptions pa foni yake, odziwa kuwerenga Chingerezi akuthandiza anzawo, koma mwini foni akulemba yekha pasiwedi yake.