Kuimba ndi instrumental pa siteji: zida zoyamba kugula ndi zomwe zingadikire

Tinene zoona, ku Lilongwe kuno si aliyense angakwanitse kunyamula bandi yonse pa shoo iliyonse. Wa ng'oma, wa besi, wa kiyibodi, wa gitala, onsewa afuna thiransipoti, afuna kangachepe, malo oyeserera nawonso ndi olipira, ndiye ambiri a ife timangopita ndi instrumental basi, nyimbo yojambulidwa kale ya zida zokha yopanda mawu a woimba, kaya ndi pa ukwati, pa kukhazikitsa chimbale ku Sheaffer, pa msonkhano wa achinyamata ku tchalitchi kapena pa bwalo ku Masintha. Palibe chamanyazi pamenepo. Chimene chimandiwawa ine ndi kuona munthu wa mawu okoma, wayeserera bwinobwino, wavala mwaulemu, koma nyimbo ikumuthawa pakati chifukwa foni yalira kapena kachingwe kagwedezeka. Anthu ali kutsogoloko sadziwa kuti vuto ndi chingwe, iwo amangoti woimbayu sanakonzeke.

Ndiye musanatumize ndalama kwa m'bale wanu ku Johannesburg kuti akugulireni laputopu yodula, imvani kaye izi. Saundi imayenda ulendo kuchoka mu fayilo, kudutsa pa chipangizo, pa chingwe, mpaka kukafika ku mikisa, ndipo malo amene imakonda kufera ndi otchipa kwambiri aja omwe sitiwaganizira nkomwe. Ndalama zanu ziyambire kumeneko.

Fayilo kaye. Apempheni a producer anu akupatseni instrumental ya WAV, 44.1 kHz 16-bit ndi yokwanira, ndi mlingo womwewo wa CD. Imadya malo pang'ono, pafupifupi 10 MB pa mphindi imodzi, nyimbo ya mphindi zisanu ndi cha m'ma 50 MB, koma kwa mafoni a masiku ano si nkhani. Ngati ndi MP3 ikhale ya 320 kbps. Akamatumiza pa WhatsApp atumize ngati document kuti ifike mmene iliri, osati yoti yazungulira m'magulu khumi kapena yokoperedwa pa YouTube, imeneyo pa mahedifoni imamveka bwino koma ikalowa m'masipika akuluakulu zonse zimaonekera poyera. Pemphani ziwiri, ina yokhala ndi mawu a oyankhira ina yopanda. Komanso nyimbo zojambulidwa m'masitudiyo osiyana sizifanana mphamvu, ina imatuluka mokweza ina motsika, ndiye zitseguleni mu Audacity, ndi pulogalamu yaulere, muzifananitse kunyumba konko kuti a saundi asamathamangire fader, kokwezera ndi kutsitsira voliyumu pa mikisa kaja, nyimbo iliyonse ikayamba. Mayina muyike 01, 02, 03 motsatira ndondomeko ya shoo.

Tsopano choliziramo. Ngati mumaimba nokha kapena ndi oyankhira awiri atatu, foni imakwana, musalole wina akunamizeni. Koma ikhale foni ya ntchito imeneyi yokha, ngakhale yakale yomwe inangokhala mu diro, yopanda SIM, nyimbo zonse zili mkati osati zodalira bandulo. Ngati mulibe ina ndiye ikani flight mode, zimitsani Wi-Fi ndi ma notification, ndipo yang'anani alamu, chifukwa alamu imalira ngakhale foni ili pa flight mode. Pulogalamu yolizira muyikonze kuti nyimbo ikatha iziima, shuffle ndi repeat zikhale zozima, kuti mukamalankhula ndi anthu kapena kupemphera nyimbo ina isangobuka yokha. Foni yokhala ndi bowo la mahedifoni ndiyabwino kuposa yofuna kaadaputa ka USB-C, kaadaputa kaja kamagwedera msanga komanso ambiri mwa iwo salola kutchaja uku mukuliza. Ndipo shoo za masana za mu Okutobala zija, foni musayisiye padzuwa, ikatentha imadzizimitsa yokha.

Bluetooth iwalani. Imachedwetsa saundi, imaduka anthu akachuluka ndi mafoni awo, ndipo wina akhoza kulumikiza foni yake mwangozi inu muli pakati pa kolasi.

Ena timangopereka fulashi kwa DJ, ndipo nthawi zina sipakhala kuchitira mwina makamaka pa shoo ya oimba ambiri. Zikatero fulashi ikhale ya FAT32 chifukwa ndi imene makina ambiri amawerenga, mukhale nyimbo za tsiku limenelo zokha osati zithunzi za ukwati ndi ma CV, ndipo munyamule ziwiri popeza fulashi yolowa m'makompyuta ambiri imatenga ma virus aja osandutsa mafayilo kukhala ma shortcut. Mupiteni DJ-yo musanakwere, mumuuze mwaulemu kuti achimwene, nambala 1 ikatha muimitse mpaka ndikupatseni sayini, ndipo chonde ma jingle musaike mkati. CD ndiye ine sindingakulangizeni, ikakalika pang'ono imadumpha, besi ikagwedeza tebulo imadumphanso.

Laputopu imayamba kufunika pamene mukuimba ndi anthu ena amoyo, mwachitsanzo muli ndi wa ng'oma ndi wa gitala koma makiyibodi, ma brass ndi makwaya akuchokera mu track. Sifunika kukhala ya mphamvu zoopsa. Chofunika ndi SSD, disiki yosungira mafayilo yofulumira ija, ndi batire lamoyo, batire makamaka, chifukwa tonse tikudziwa mmene magetsi amachitira kuno, akathima masipika azima inde koma laputopu ikhalabe pomwe munali, jenereta ikaliza mungopitiriza osayamba kudikira Windows kuti idzuke anthu akukuyang'anani. Tsiku la shoo Wi-Fi yozima, update yoimitsa, sleep yochotsa, timaphokoso ta Windows tonse tozimitsa. Mapulogalamu ambiri amagwiritsa ntchito Ableton Live kapena Reaper, Reaper ndi yopepuka ndipo imayenda bwino ngakhale pa makina akale.

Koma pomwe ndikufuna tikhalitse ndi pa chingwe, chifukwa apa ndi pomwe ndaona shoo zambiri zikuwonongeka popanda wodziwa chomwe chachitika. Chingwe choyenera ndi chija cha Y, mbali ina ka jack kakang'ono ka 3.5 mm kolowa mu foni, mbali inayo ma jack awiri akuluakulu a 6.35 mm, nthawi zambiri wina wofiira wina woyera kapena wakuda. Chitengeni m'manja muwerenge timizere takuda pa chitsulopo. Kakang'ono kakhale ndi timizere tiwiri, akuluakulu aja aliyense kamzere kamodzi. Chimenecho ndiye chanu. Chomwe muyenera kuchikana ndi chija chochoka pa ka jack kakang'ono n'kukathera pa jack imodzi yaikulu ya timizere tiwiri, kapena pa XLR imodzi, pulagi ya mano atatu ija ya ma maiki. Mukachilowetsa mu tchanelo imodzi ya mikisa ya balanced, yomwe imayembekeza saundi imodzi osati ya mbali ziwiri, mikisayo imatenga mbali ya kumanzere n'kuchotsamo ya kumanja, ndiye chilichonse chomwe a producer anachiika pakati chimafafanizika, kick imasowa, besi imasowa, oyankhira a pakati amasowa, pamangotsala tinthu ta m'mbali ndi reverb, nyimbo yonse kumamveka ngati wailesi yomwe ikulira kunyumba ya aneba. Zikachitika anthu amalimbana ndi EQ, timabatani tosinthira besi ndi treble pa mikisa, ena amatukwana situdiyo, chikhalirecho vuto ndi chingwe chimodzi. Mukamva besi yasowa pa soundcheck, yambani mwayang'ana timizere tija.

Chingwe chimenechi chikhale chachifupi, mamita awiri atatu basi, chifukwa si cha balanced ndipo chikatalika chimatola phokoso. Mugule ziwiri, chanu chanu, osadalira cha a saundi chomwe chadutsa m'manja mwa anthu ambirimbiri. Pa siteji chimateni ndi tepi pa tebulo kuti wina akachikoka ndi phazi chisazuke mu foni.

Nanga mikisa ikakhala kutali, monga mu holo yaikulu ngati ku BICC kapena pa bwalo pomwe a saundi amakhala pakati pa anthu? Apa ndiye pofunika DI box. Ndi kabokosi kachitsulo komwe kamalandira saundi ya foni kapena laputopu n'kuitulutsa pa XLR ya balanced, yomwe imayenda mtunda wautali osatola phokoso. Kali ndi ntchito zina ziwiri zomwe ine ndimazikonda koposa. Yoyamba, kulira kwa "zzzz" kuja komwe kumayamba mukangolumikiza chaja ya laputopu, nthawi zambiri kumatha mukadina kabatani kolembedwa ground lift. Yachiwiri, mikisa imatha kutumiza 48V ya phantom power pa XLR yopangira ma maiki a condenser, ndipo magetsi amenewo sayenera kufika mu foni yanu, DI ya passive ili ndi transformer mkati imene imatchinga. Ine ndingasankhe ya passive ya matchanelo awiri chifukwa sifuna batire. Radial ProAV2 ndi yolimba kwambiri ndipo ili ndi bowo la 3.5 mm lomwe, koma mtengo wake ndi wowawa. Behringer ali ndi zotsikirako, DI400P ndi ya passive ya tchanelo imodzi, DI20 ndi ya matchanelo awiri koma ya active, imafuna batire la 9V kapena phantom. Iliyonse mwa izi ndi yabwino kuposa kukhala opanda.

Mukakhala ndi wa ng'oma, nkhani ya click, kaphokoso ka tiki tiki kosunga liwiro la nyimbo m'makutu mwake, siithawika, apo ayi iye ndi track asiyana njira vesi yoyamba isanathe. Njira yotchipa ndi iyi: a producer aike click mbali ya kumanzere yokha, nyimbo yonse mbali ya kumanja yokha, ndi kawerengedwe ka 1, 2, 3, 4 koyambirira pa click pomwepo. Chingwe cha Y chija chimagawa, jack ya kumanja ipite ku DI ndi ku masipika, ya kumanzere ipite ku kamikisa kakang'ono kapena ka amp ka mahedifoni pambali pa wa ng'oma. Track ikhala ya mono, ndipo musadandaule, m'malo ambiri omwe timaimba anthu samva stereo chifukwa aliyense wakhala pafupi ndi sipika imodzi. Chachikulu a saundi adziwe kuti click isatuluke kutsogolo ngakhale pang'ono. Wa ng'omayo avale mahedifoni a chingwe otseka makutu bwino.

Mukafuna stereo ndi click pamodzi, kapena besi payokha kuti injiniya aziyiwongolera, mufunika audio interface, kabokosi kolumikiza ku laputopu kotulutsira saundi, ya ma output anayi. Samalani pogula, Focusrite Scarlett 2i2 yomwe ili m'masitudiyo ambiri ili ndi ma output awiri okha, ya anayi ndi 4i4, kapena Behringer UMC404HD. Palinso makina osafuna laputopu nkomwe, monga Roland SPD-SX yomwe wa ng'oma amayimenya ndi ndodo track n'kuyamba, click ikupita m'makutu mwake yekha, kapena Zoom LiveTrak L-8 yomwe imaliza kuchokera pa SD card ndipo imatha kuyenda ndi mabatire anayi a AA. Ndi zabwino zedi, koma chigwereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 chilichonse chochokera kunja chinakwera moti izi ndi za munthu amene ali ndi shoo pafupifupi sabata iliyonse. Wongoyamba kumene abwereke kapena achite hayala pa tsiku lalikulu.

Za magetsi mwachidule. Kuno ndi 230V, mapulagi a mano atatu a makona ngati a ku UK. Katundu wa ku South Africa amabwera ndi mano ozungulira ndiye adaputa yolimba ikhale mchikwama, wa ku America werengani pa chaja, ngati sipanalembedwe 100-240V musalowetse pakhoma. Nyamulani extension yanu ya surge protector, ndipo jenereta ikamalizidwa chotsani kaye chaja mpaka itakhazikika. Power bank yodzadza ya foni isasowe.

Pogula za kaunjika pa Facebook kapena m'mashopu a ku Old Town musachite manyazi kuyesa pomwepo. Lizani nyimbo, gwedezani chingwe pa bowo mumve ngati ikuthetheka kapena mbali imodzi ikuduka. Laputopu ichotseni pa chaja muone mmene batire likutsikira nyimbo ikulira. Interface yesani output iliyonse payokha, chifukwa yofa imodzi simungaidziwe mutangomvera pa mahedifoni. Ndipo pang'ono chabe za ulemu, ngati instrumental ndi ya nyimbo ya munthu wina, pemphani chilolezo kwa mwini wake, lamulo la Copyright la 2016 lilipo ndipo a COSOMA ndi amene amayang'anira zimenezi, tonse ndife oimba ndipo thukuta la mnzathu tisamalidye chabe.

Pa soundcheck voliyumu ya foni ikani cha m'ma 75 mpaka 80% muisiye pomwepo, gain akonze a saundi ku mikisa, mukamakweza nokha muli pa siteji mumawasokoneza. Pemphani instrumental imveke bwino mu monitor yanu, sipika yoyang'ana kwa inu pa siteji, chifukwa mukamadalira saundi yobwerera kuchokera ku khoma la kumbuyo kwa holo imafika mochedwa ndipo muyamba kutsalira pa beat osadziwa. Chipangizo chachiwiri chokhala ndi nyimbo zomwezo chikhale cholumikiza kale pa tchanelo ina, yotsitsa fader, kuti choyamba chikafa kungokweza basi. Wodina play akhale munthu mmodzi wodziwa nyimbo zanu, wokhala pomwe mukuonana maso.

Kutatsala tsiku limodzi aimbireni a saundi, osadikira kukumana pa geti. Afunseni kuti bwana, mikisa ikhala pa siteji kapena kutsogolo, DI muli nayo kapena ndibwere ndi yanga, mundisungire matchanelo angati, ma monitor alipo angati, jenereta ilipo? Muwauzenso ngati mukubwera ndi click kuti akonzeretu njira yake, ndi nthawi yomwe mufike kuti muyese nyimbo imodzi yonse kuyambira poyamba mpaka pothera anthu asanalowe.